Thandizeni: mankhwala a mahomoni kwa ife amene tinasiya kusamba

Moni nonse, amayi anzanga ndi azaumoyo amene muli muno. Ndili ndi zaka 52, ndimakhala ku Ngabu. Ndinasiya kusamba chaka chatha, ndipo chiyambire pamenepo thupi limangoyaka mwadzidzidzi, kuchokera pachifuwa kukwera kumaso. Poyamba ndinkati ndi dzuwa lathu lomweli la kuchigwa, koma ngakhale mu Juni ndimadzuka pakati pa usiku chitenje chili chonyowa ngati ndachichapa. Tulo ndiye ndinaiwala. Bambo akunyumba mpaka anasamukira pamphasa, ati ndikuwatopetsa ndi kutembenukatembenuka.

Malungo ndayezetsa kawiri, sanapezeke. BP ndi shuga anati zili bwino. Tiyi wamadzulo ndi tsabola ndinasiya, masamba a cham'mwamba ndamwa, koma palibe chasintha.

Mwana wanga amene ali ku Johannesburg akuti kumeneko amayi amapatsidwa HRT, mankhwala obwezeretsa mahomoni achikazi otchedwa estrogen m'thupi, ndipo amalimbitsanso mafupa. Koma ndamva kuti ngati chiberekero chilipo, uyenera kuphatikiza ndi mahomoni ena otchedwa progesterone poopa khansa ya m'kati mwa chiberekero, komanso kuti kumwa zaka zambiri kumakweza chiopsezo cha khansa ya m'mawere ndi kuundana kwa magazi. Apa ndiye mtima suli m'malo, chifukwa mayi anga aang'ono anatisiya ndi khansa ya bere.

Alipo amene anagwiritsako ntchito mankhwalawa? Nanga omata pakhungu aja, amene akuti saundanitsa magazi ngati mapiritsi, amapezeka kuno kwathu? Ndiyambire pachipatala cha boma ku Chikwawa, kapena ndingokwera Thabwa kulunjika ku Queens?