Atiletsa kutsitsa katundu m'mbali mwa msewu m'mawa, anzanga mumatani?

Moni nonse pagulu pano. Ndimayendetsa kalole koperekera katundu m'mashopu. Pamsewu wina womwe ndimadutsa tsiku lililonse, akhonsolo aika zikwangwani zoletsa kutsitsa katundu kuyambira 7 mpaka 9 koloko m'mawa. Ajambulanso kanjira ka apanjinga m'mphepete, ndipo pomwe ndinkaima ndi pafupi ndi pokwerera basi.

Poyamba zinandipsetsa mtima, sindinama. Sabata yatha ndinaimabe, ndikuti ndi mphindi ziwiri zokha. Ndili mkati motsitsa makatoni, mnyamata wapanjinga anapeza ndamutsekera njira, n'kukhotera pakati pa msewu kuti andilambalale. Kumbuyo kwake kunali basi. Mabuleki analira mpaka ine thupi lonse zii. Sanamugunde, koma mpata wake unali ngati chikhatho. Galimoto yothamanga makilomita 50 pa ola imayenda mamita pafupifupi 14 pa sekondi imodzi, ndiye dalaivala uja akanangochedwa pang'ono kuponda, bwenzi tikunena zina. Basiyo inalepheranso kufika pamalo ake, anthu anatsikira pamsewu penipeni, gogo wina akuvutika ndi sitepe.

Ndiye lamulolo sindikulitsutsanso. Vuto langa ndi ntchito. Eni mashopu amafuna katundu asanayambe kugulitsa, bwana wanga amawerenga maulendo, ndipo kamsewu kapambali komwe n'kololedwa kuima kali kutali ndithu. Anzanga oyendetsa malole, mumatani? Nanga n'zotheka kupempha khonsolo kuti itipatse malo athuathu otsitsira?

Mayankho:

Achimwene, gulani kangolo ka matayala awiri, muziima kumsewu wapambaliwo n'kumakankha. Ine ndinazolowera, ndipo ndimamaliza msanga kusiyana ndi kuyendayenda kusaka poima. Koma matumba a simenti ayi, amenewo pitani nawo nthawi yoletsedwa ikadutsa.

Ine ndimapalasa njinga popita kuntchito. Chimene chimatiopsa si kutseka njira kokha. Chitseko chanu mukachitsegula osayang'ana, timachiwomba kapena kugwera kutsogolo kwa galimoto yobwera. Muzitsegula ndi dzanja lakutali ndi chitsekocho, thupi limatembenuka lokha n'kuona kumbuyo. Ndipo ponyamuka dziwani kuti pambali pa lole pali malo omwe galasi silionetsa. Ife timakhala pomwepo.

Bambo, werengani bwino chikwangwanicho. Choletsa kupaka galimoto ndi choletsa kuima n'zosiyana, ndipo maola amalembedwa pakachikwangwani kapansi. Kuyatsa mahazadi sikukupatsani chilolezo. Za malo otsitsira, kalata ya munthu mmodzi imachedwa kuyankhidwa. Auzeni eni mashopu onse asainire limodzi, atchule malo enieni omwe sakutsekereza basi kapena njinga.

Zikomo nonse. Mawa ndiyesa kufika 6 koloko, mwini shopu mmodzi wavomera kundisiyira mlonda wolandira katundu. Enawo sanandiyankhebe.