Android ina yosunga chinsinsi: ndisankhe iti, nanga Mpamba izigwira?

nachisale_chilomoni: Abale ndigawireniko nzeru. Ndine mlembi wa banki mkhonde yathu kuno ku Chilomoni ndiye mufoni mwanga muli manambala a anthu, zithunzi za ziphaso zawo, ngongole za aliyense, ndipo mtima sukhala m'malo ndikaona app iliyonse ikupempha ma contacts ndi malo amene ndili. Ndamva zoti Android yobwera ndi foni itha kuchotsedwa n'kuikamo ina yosatumiza zinthu zako kwa Google. Yabwino ndi iti? Panopa ndili ndi Tecno Spark koma mwezi wamawa ndikufuna kugula ina. Chachikulu Mpamba, Airtel Money ndi WhatsApp zisafe.

wa_ku_ndirande: Achemwali yambani mwasankha foni, system ibwera pambuyo, chifukwa iliyonse ili ndi mafoni ake amene imalowa. GrapheneOS ndiye yolimba kwambiri pa chitetezo koma imafuna Google Pixel basi. LineageOS, ija inalowa m'malo mwa system yakale ya CyanogenMod kumapeto kwa 2016, imalowa pa mafoni ambiri, ma Xiaomi, Motorola, OnePlus ndi ma Samsung ena, kungoti mukaika nthawi zambiri bootloader (kapulogalamu kamene kamadzutsa system foni ikamayaka) imakhala yosakiya ndiye foni ikabedwa mu minibasi wakuba wodziwa zinthu ali ndi poyambira. Palinso /e/OS ya kampani ya Murena yomwe anaimanga pa LineageOS yomweyo. Tecno yanuyo isiyeni momwe iliri, zimene anthu amagawana pa Telegram zoti ndi ROM (system ina yoika mufoni) ya Tecno simudziwa wapanga ndani, osaika ziphaso za anthu m'menemo chonde.

fundi_wa_limbe: Ndiwonjezere apa poti ndimakonza mafoni. Pixel ya kaunjika musalipire musanaone ichi: lowani mu Settings, About phone, dinani Build number ka 7, kenako mu Developer options muone OEM unlocking, batani lololeza kutsekula bootloader, foni ili pa intaneti. Ikakana kudinika isiyeni pomwepo ngakhale mtengo ukome bwanji, ma Pixel amene anagulitsidwa ndi kampani ya netiweki ya Verizon ku America satsekulika ndipo palibe fundi angakuchitireni. Onaninso zaka, Pixel 8 ya 2023 Google analonjeza ma update zaka 7, a Pixel 7a afika 2028, koma a ma Pixel 4 ndi 5 aja anatha kale ndiye mungotaya ndalama. Kuikako sikovuta, pa webusaiti ya GrapheneOS pali installer ya mu browser, mumangofuna kebulo yabwino ndi laputopu yodzaza batire kuopa magetsi angazime muli pakati. Zonse za mufoni zimafufutika, sungani kaye pena. Pomaliza kiyaninso bootloader, ambiri amaiwala pamenepa.

nachisale_chilomoni: Zikomo achimwene, za Verizon zo ndazilemba. Nanga za ndalama zija?

mai_a_tadala: Za ndalama musade nkhawa asisi, *444# ya Mpamba, *211# ya Airtel Money ndi *626# ya Mo626 zimadutsa pa netiweki, ngakhale kafoni ka mabatani zimatheka. Ma app a banki ndiye ena amakana akaona kuti system si yochokera kufakitale, ena amayenda bwinobwino mukaika Google Play ya mkati mwa GrapheneOS, imene imakhala ngati app wamba yopanda mphamvu zapadera zoona zonse za mufoni. WhatsApp imagwira, ndipo ubwino wake pali Contact Scopes, mumasankha nokha manambala amene app iwaone, a mamembala anu aja osawaonetsa. Koma ndinene izi poti ena amaganiza kuti akaika Graphene asowa: SIM yanu inalembetsedwa ndi chiphaso chanu, kampani ya netiweki imadziwabe dera limene foni ili. Ndiponso zithunzi za ziphaso zija mukamazitumiza pa gulu la WhatsApp la anthu 30 zakhala kale m'mafoni 30, pamenepo ndi pofunika mukambirane pa mkumano wanu.

wa_ku_ndirande: Eya. Ndipo ngati ndalama ya Pixel sinakwane mwezi wamawa, pa Tecno pomwepo lowani mu Permission manager mulande ma app onse osafunika chilolezo cha contacts ndi location, muikenso PIN ya manambala 6.