Thandizeni, kachipangizo kogwedeza benchi kakungotentha

Bambo a Tadala: Abale mutu waima. Ndili ndi video show pa Lizulu ndiye alandilodi akhala akundisowetsa mtendere ati woofer yanga ikuwagwedezera malata usiku, chonsecho mbuzi zawo zinamaliza kabichi wa mayi a Tadala ine osayankhula kanthu. Msuweni wanga wa ku Joni wanditumizira ka bass shaker ati kamanjenjemeretsa mpando popanda phokoso, bomba likaphulika mufilimu anthu azilimva m'thupi. Mlamu amene anakalandira katundu pa basi anachotsamo nsapato koma imeneyo ndi ya tsiku lina. Ndalumikiza, kakungong'ung'udza pansipo nkumatentha. Nditani?

DJ Mkango: TAYANI ZIMENEZO akulu. Bass ndi sipika ya 18 inch basi, zinazi nzidole

NaNkhoma: Ana akujomba kusukulu chifukwa cha ma show anuwo, pano mukufunanso muziwagwedeza?

Fundi wa pa Mphate: Kameneko ndi ngati sipika yopanda pepala, mkati muli koyilo ndi maginito zimene zimakankha kachitsulo kolemera. Sikamayenera kumveka. Mwati kali pansi? Kamangeni ndi mabawuti kunsi kwa thabwa la benchi. Nanga mwalumikiza ku amp (chokuzira mawu) yanji, ndipo kumbuyo kwake alemba ma ohms (muyezo wa mmene sipika imakanira magetsi) angati?

DJ Mkango: Ma ohms sadya nsima afundi. Ine ndaimba maukwati kuchokera ku Tsangano mpaka ku Bembeke, palibe mkwatibwi anandifunsapo ohms

Achimwene a ku Linthipe: Ine amp yanga inapsa chonchi. Ndinaphatikiza masipika awiri a 4 ohms pa waya mmodzi osadziwa kuti ma ohms atsika kufika 2, utsi kuti tolo! Tsiku la Big Bullets ndi Wanderers, anthu atalipira kale. Ena mpaka lero sandipatsa moni

Gogo Wamakani: kkkkk mabenchi a mu show amagwedera kale okha, ingowonjezerani nsikidzi

Fundi wa pa Mphate: A DJ musasokoneze anthu. Tizipangizo timeneti tambiri timakhala 4 ohms, ma watts 50, mukakapatsa moto wa amp yaikulu kapsa. Kamafunanso low pass, muzikapatsa mawu apansi okha cha m'ma 80 Hz kutsika, osati zoyankhula za Jet Li

DJ Mkango: 50 watts?? Kkkk tochi yanga ili ndi mphamvu kuposa apo. Ndiimbireni ndikugulitseni bokosi

NaNkhoma: Apatu nkhani yafika pa malonda, ndimadziwa ine

Mnyamata wa kabaza: Ikani zidutswa za tayala kunsi kwa miyendo ya benchi kuti kunjenjemera kusathawire mu simenti. Komanso kamodzi ndi benchi imodzi, a kumbuyo azilipira theka

DJ Mkango: Wa kabaza nayenso wasanduka injiniya, dziko latha

Bambo a Tadala: Zikomo nonse. Afundi amp ndi yakuda ija ya ma knob anayi. Koma za mbuzi zija mukuona bwanji, ndipite kwa amfumu kapena ndingodula pa lendi?