Ndalama za kasitomala zikukwanira 5600G yokha kapena 5600 ndi RX 580 yakale: nditenge iti?

Wokonza wa ku Limbe:
Akuluakulu, ndithandizeni maganizo msanga chifukwa kasitomala akufuna kotesheni mawa m'mawa ndipo ine mutu waima. Ndi mnyamata wa ku koleji amene wakhala akusunga ndalama zake kwa nthawi yaitali, akufuna kompyuta yosewerera masewera a FC, GTA V ndi Fortnite pa 1080p, ndipo monitala ali nayo kale. Ndikawerengetsa, ndalamazo zikundilola njira ziwiri zokha. Yoyamba ndi purosesa ya Ryzen 5 5600G, imene imatha kuonetsa zithunzi payokha, pa bodi ya B450, RAM ya 16GB ndi SSD ya 512GB, popanda GPU (khadi la zithunzi), kuti khadi adzagule chaka chamawa. Yachiwiri ndi Ryzen 5 5600 pa bodi yomweyo pamodzi ndi GPU ya RX 580 ya 8GB imene munthu wina akugulitsa motchipa ataigwiritsapo kale ntchito, koma ndikatero ndiye kuti RAM ndiika imodzi ya 8GB, ndipo PSU (bokosi lopereka magetsi m'kompyuta) ndigwiritsa yobwera ndi kesi, yolembedwa 500W. Ndikanakonda RX 6600, koma mtengo wake sukusiya ndalama zogulira zina. Chomwe chikundikwiyitsa kwambiri n'chakuti wogulitsa bodi sakudziwa ngati BIOS yake (pulogalamu yamkati imene imadzutsa bodi) ndi yatsopano, komanso sakulola kuti nditsegule bokosi ndisanalipire.

Mkulu wa ku Area 2:
Achimwene, musanakambe za purosesa kapena za khadi, PSU ya mu kesiyo muitaye. Nambala ya 500W imene yalembedwa m'malemba akuluakulu isakunyengeni, koma muwerenge pa chikwangwani chake kuti mzere wa 12V ukupereka ma ampeya angati. Ine ndatsegulapo zotere zimene zinkapereka 18A zokha, kutanthauza 216W, pamene RX 580 payokha imafuna 185W ndipo 5600 imawonjezerapo 65W. Zambiri mwa izo zilibe chingwe cha 8-pin chopatsira khadi magetsi, choncho munthu amakakamizika kugula adaputala yochokera pa SATA (pulagi ya ma disiki), pomwe pulagi ya SATA inapangidwira kunyamula 54W basi. Ndi magetsi athu ano ozimazima, amene pobwera amabwera ndi ukali, mudzakhala mwamugulitsa mnyamatayo moto.

Mayi wa ku Mzuzu:
Ine nkhawa yanga ili pa mawu akuti khadi adzagula chaka chamawa, chifukwa mawu amenewo ndawamva kwa makasitomala ambiri ndipo ndi ochepa amene anabweradi kudzagula. Ngati mnyamatayo adzakhale ndi 5600G kwa zaka zingapo, mumuuze poyera kuti GTA V ndi Fortnite zidzaseweredwa atatsitsa ma setting, ndipo FC yatsopano idzamuvutitsa pa 1080p. Akadzagula khadi, adzapezanso kuti 5600G ndi yocheperako mphamvu poyerekeza ndi 5600, popeza cache yake (memori yothamanga ya mkati mwa purosesa) ndi 16MB m'malo mwa 32MB, ndipo pa PCIe, njira yolumikizira khadi, imathera pa 3.0. Pa B450 nkhani ya PCIe siisiyanitsa kanthu chifukwa bodiyo nayonso ndi ya 3.0, koma ikutanthauza kuti asadzayerekeze kugula RX 6500 XT, imene ili ndi mizere inayi yokha ndi 4GB, ndipo imatsamwitsika pa 3.0. Njira iliyonse imene mungasankhe, RAM imodzi musaike. Zikhale ziwiri za 8GB za liwiro la 3200MHz, makamaka pa 5600G, chifukwa zithunzi zake zimadalira RAM yomweyo, ndipo ikakhala imodzi masewera amayenda modukizadukiza.

Wa ku Johannesburg:
Pa RX 580 imeneyo samalani, achimwene. Khadi limeneli linatuluka mu 2017, ndipo ambiri mwa makhadi amene akuzungulira pamsika anagwira ntchito yokumba Ethereum, ndalama ya pa intaneti, usana ndi usiku mpaka mu September 2022 pamene kukumba Ethereum ndi GPU kunatha. Kukumbako pakokha sikupha khadi, koma mafani amakhala atatopa, phala la pa chipu litauma, ndipo nthawi zina BIOS ya khadilo inasinthidwa, moti madiraivala amakana kulowa. Palinso lina lotchedwa 2048SP, limene pabokosi amalemba RX 580 koma mkati mwake lili pafupi ndi RX 570, pomwe lenileni lili ndi ma core a zithunzi 2304, osati 2048. Mutsegule pulogalamu ya GPU-Z yoonetsa zamkati mwa khadi pamaso pa mwini wakeyo, muyendetse pulogalamu ya FurMark yoyesa khadi polilemetsa kwa theka la ola, kenako museweretse masewera enieni, chifukwa ndaonapo khadi lodutsa bwino pa FurMark koma n'kuyamba kuonetsa timadontho tobiriwira masewera atangoyamba. Akakana kuti muyese, musiyeni apite nalo. Ndinatumizapo khadi lotere kumudzi pa basi, ndinalipira wonyamula komanso msonkho pa Mwanza, ndipo linafa mwezi usanathe. Kulibweza kuno kukanadya ndalama zoposa mtengo wake.

Wokonza wa ku Limbe:
Zikomo nonse, koma zimene ndinafunsa za BIOS palibe wayankhapo, ndipo ndizo zikundiletsa kulemba kotesheni. Akulu a ku Area 2, za PSU ndamva, koma ndikaika yabwino ya muyezo wa 80 Plus Bronze ndiye kuti ndichotsa SSD kapena khadi, ndipo kasitomala sangamvetse kuti ndalama zake zapita pa bokosi limene silioneka n'komwe pa sikirini.

Mkulu wa ku Area 2:
Ngati sangamvetse, ntchito yanu ndi kumumvetsetsa. Khadi likafa amasintha khadi lokha, koma PSU yotchipa ikafa imatenga bodi, SSD ndi khadi n'kupita nazo. Chaka china ndinalandira kompyuta ya mwana wa mnzanga imene wokonza wina anaika GTX 1660 Super pa PSU yopanda dzina. Magetsi atabwera usiku inaphulika, ndipo chimene tinapulumutsa ndi purosesa ndi RAM imodzi. Makolo ake sanafunse kuti PSU inagulidwa kuti, anafunsa kuti anamanga kompyutayo ndani. Dzina limene lidzaipe mu Limbe ndi lanu, osati la wogulitsa kesi.

Wa ku Zomba:
Za BIOS ndiyankhe ine. B450 inatuluka mu 2018, Ryzen 5000 isanabwere, choncho 5600 ndi 5600G zonse ziwiri sizidzuka pa bodi ya BIOS yakale. Muyang'ane kunja kwa bokosi ngati pali chomata chonena kuti ndi yokonzekera Ryzen 5000, chifukwa chimenecho sichifuna kutsegula bokosi. Ngati palibe, mufunse nambala yeniyeni ya bodiyo kuti muone ngati ili ndi batani lolowetsera BIOS kudzera pa fulashi popanda purosesa, monga zilili B450 zina za MSI. Ikakhala ilibe batanilo, mubwereke purosesa yakale ngati Ryzen 3 2200G kapena Athlon 200GE, mudzutsire bodi, kenako musinthe. Koma ine ndikanakhala inu ndikanazipewa zonsezi potenga purosesa ya Intel i3-12100F ndi bodi ya H610 ya DDR4, chifukwa zimagwirizana zikangotuluka m'bokosi, ndipo pa masewera amene mwatchulawo ma core anayi ake sachita manyazi pamaso pa 5600. Kapenanso mumugulire kompyuta ya Dell OptiPlex yakale ya mu ofesi, muikemo GTX 1650 yaifupi imene imadya 75W kuchokera pa bodi, zotsalazo asunge.

Mayi wa ku Mzuzu:
Za i3-12100F ndikugwirizana nazo, bola mtengo wa bodi ulole, ndipo mukumbukire kuti F ija ikutanthauza kuti popanda khadi sikirini siionetsa kanthu. Koma za OptiPlex ayi, achimwene. Zambiri zimene zimafika kuno zili ndi purosesa za Intel za m'badwo wachinayi kapena wachisanu ndi chimodzi, pamene Windows 11 imafuna m'badwo wachisanu ndi chitatu kupita m'tsogolo pamodzi ndi chipu ya chitetezo ya TPM 2.0, ndipo Windows 10 inasiya kulandira chithandizo mu October 2025. PSU yake ndi yaing'ono, mapulagi ake ndi a mtundu wawokha, ndiye tsiku limene mnyamatayo adzafune khadi lalikulu adzayamba kugula chilichonse mwatsopano.

Mkulu wa ku Area 2:
Kaya ndi Intel kaya ndi AMD, zonsezo zimadya kuchokera pa PSU imodzi, ndipo mukungozungulira nkhani. Komanso amene mukunena zolowetsa BIOS, musachite zimenezo popanda UPS, bokosi la batire lopereka magetsi akazima. Ndinaonapo bodi yatsopano ikusanduka chipilala chifukwa magetsi anazima BIOS ili pakati polowa, ndipo wogulitsa anakana kuilandira ponena kuti yawonongedwa ndi wogula.

Wa ku Johannesburg:
Akulu, pa UPS pomwepo pali msampha wina umene anthu ambiri amagwamo. Ya 650VA imene imagulidwa kwambiri imapereka pafupifupi 360W yokha, ndipo magetsi ake si a sine wave yeniyeni, kutanthauza kuti si osalala ngati magetsi wamba, choncho PSU zina zabwino zokhala ndi active PFC zimazima nthawi imene UPS ikusinthira ku batire. Munthu amagula PSU yodula ndi UPS yotchipa, magetsi n'kuzima, kompyuta n'kuzimanso, ndipo amabwera kudzakunenani kuti munamugulitsa zinthu zakufa. Pa kompyuta yokhala ndi RX 580 ndi monitala, ine sindingaike yochepera 1000VA.

Wa ku Zomba:
Chinanso, achimwene a ku Limbe, pa koteshenipo mulembe kuti mtengowo ukugwira ntchito masiku ochepa okha. Mu November 2023 kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ine ndinali nditalandira kale theka la ndalama za kasitomala koma khadi ndisanagule, ndipo kusiyanako ndinalipira kuchokera m'thumba mwanga chifukwa papepala panali siginecha yanga. Kuyambira pamenepo sindilandira ndalama pa katundu amene sindinamugwire ndi manja.

Mkulu wa ku Area 2:
Za kotesheni n'zoona, koma mzere woyamba papepalapo ukhale PSU ya 550W ya kampani yodziwika, yokhala ndi chingwe chakechake cha 8-pin, ndipo zina zonse zikwanire pa ndalama zotsala. Ngati zotsalazo zikungokwanira 5600G, atenge 5600G yomweyo, PSU yabwinoyo idzadikira khadi.

Mayi wa ku Mzuzu:
A ku Johannesburg, vuto la kuzima kwa PSU pa UPS mwatchulalo, kodi munalionapo pa inveta za sola? Kuno makasitomala ambiri ayamba kulumikiza makompyuta awo ku inveta zotchipa za modified sine wave, ndipo ndili ndi imodzi pa tebulo pano imene PSU yake ikulira ngati njuchi ikangolumikizidwa ku inveta, koma pa magetsi wamba ikukhala chete.