Kodi 4,294,967,297 ndi nambala ya prime?

Nabanda:
Anzanga odziwa masamu, ndithandizeniko. Mwana wanga wa Fomu 3 wabwera ndi nambala iyi, 4,294,967,297, ati aphunzitsi awauza kuti akafufuze ngati ndi ya prime, kutanthauza nambala imene imagawika ndi 1 ndi iyo yomwe basi. Ndayesa kuigawa pa foni ndi 3, 7, 11, 13 ndi tinambala tina ting'onoting'ono, paliponse ikusiya zotsala. Ndingomuuza kuti ndi prime basi?

Achisale:
Mayi, musamuuze zimenezo, akalakwa mayeso. Igaweni ndi 641, mupeza 6,700,417 ndendende, popanda chotsala.

Aphunzitsiwo ndi ochenjera, asankha nambala imene inapusitsa katswiri weniweni. Nambalayi ndi 2 wochulukitsidwa yekha ka 32, kenako n'kuwonjezerapo 1. Pierre de Fermat wa ku France, cha m'ma 1640, ankayang'ana manambala opangidwa mwanjira imeneyi, pochulukitsa 2 ka 1, ka 2, ka 4, ka 8 ndi ka 16 n'kuwonjezerapo 1: 3, 5, 17, 257 ndi 65,537. Onsewa ndi a prime, ndiye iye anakhulupirira kuti otsatirawo nawonso akhala a prime mpaka kalekale. Wotsatira wake ndi uyu wanuyu. Panapita zaka pafupifupi 90, mpaka Leonhard Euler mu 1732 atasonyeza kuti 641 amaigawa.

Nabanda:
Zikomo bambo Chisale. Komatu 1732 kunalibe kompyuta. Munthuyo anakhala pansi n'kumayesa nambala iliyonse mpaka kufika pa 641? Ine ndikanasiyira pa 50.

Mwale wa ku Kasungu:
Ayi mayi, sanavutike choncho. Euler anatsimikiza kuti nambala ya prime iliyonse yogawa nambala imeneyi iyenera kukhala 64 wochulukitsidwa ndi nambala ina, kuwonjezerapo 1. Ndiye oyenera kuyesedwa ndi ochepa: 65, 129, 193, 257, 321, kumangopita choncho. Mukachotsapo amene si a prime, monga 65 ndi 129, mutsala ndi 193, 257, 449, 577, kenako 641. Masamu ogawa asanu okha, ntchito ya madzulo amodzi ndi pensulo.

Chimene chimandidabwitsa ine n'chakuti Fermat anali ndi nzeru zokwanira kuona zimenezi, koma sanatero. Mwanayo akalembe njira ya 64 imeneyi, osangolemba 641 yekha ngati wamutola panjira. Aphunzitsi abwino amafunsa kuti wamupeza bwanji.

Kondwani_IT:
Ife a makompyuta timamudziwa bwino mnzake woyandikana naye, 4,294,967,296. Ndiye chiwerengero cha maadiresi onse a IPv4 (manambala ozindikiritsa zipangizo pa intaneti), ndipo n'chifukwa chake makompyuta akale a 32-bit ankakanika kugwiritsa ntchito RAM (memore ya kompyuta) yoposa 4GB.

Kunena za Fermat, amfumu aja anaphonya kwambiri. Kuchokera pa 65,537, palibe nambala ina ya mtundu umenewu imene yapezeka kuti ndi prime mpaka lero, ngakhale makompyuta akhala akusakasaka.

Nabanda:
Ndamupatsa pensulo kuti ayambire pa 193. Akudandaula kale kuti bwanji osangoyambira pa 641.