Alendo akubwera kudzathandiza sukulu yathu, tiyambire pati?

Abale ndi alongo mwa Ambuye, ndikupempha nzeru. Mpingo wathu kuno ku Angónia, m'dziko la Mozambique, chakufupi ndi Ulongwe, ukuyembekezera gulu la Akhristu ochokera ku Lilongwe mwezi wa Julayi. Akuti adzakhala milungu iwiri, kukonza denga la kalasi imodzi ndi kuphunzitsa ana kuwerenga masana.

Denga lokha silikundidetsa nkhawa, amisiri tili nawo. Chandivuta ndi mabuku. Iwo asonkhanitsa makatoni a mabuku a Chingerezi, pamene ana athu m'kalasi amaphunzira m'Chipwitikizi, ndipo kunyumba ndi Chichewa basi. Mwana wa kalasi yachiwiri amene amakhala pansi, kope ataliika pabondo, adzatani nalo buku la Chingerezi? Ine ndikuona kuti ndalama za mabukuwo zikanagula makope, mapensulo, choko ndi mabenchi konkuno, koma ndikuopa kuti angamve ngati tanyoza mphatso yawo. Amene munalandirapo alendo otere, munawauza bwanji osawakhumudwitsa?

Komanso sukuluyi ndi ya boma. Kodi chilolezo choti alendo alowe m'kalasi chimathera kwa a direkitola (mkulu wa sukulu), kapena tikalembe kalata ku ofesi ya maphunziro ya distrito? Nanga katunduyo podutsa pachipata cha Dedza ndi Calomue, amalipiritsa msonkho ngakhale ali wongopereka? Ngati pali kalata ya mpingo imene imathandiza pamenepo, ndiuzeni mmene imalembedwera.

Za malo ogona takonza kale kwa akulu ampingo, ndipo tawachenjeza kuti asaiwale mabulangete, poti Julayi wa kuno amazizira kwambiri.