Pawabanki ya maginito ikungotentha, foni sikufika madzulo. Ndandinamizidwa kapena?

Nangozo

Moni nonse. Ndikupempha nzeru kwa inu odziwa zinthuzi, ine ndiye ndafika potopa.

Ntchito yanga ndi yowerenga mamita a madzi. Ndimanyamuka 7 koloko m'mawa, kubwerako mwina 5 koloko madzulo, ndipo nthawi yonseyi foni siyichoka m'manja. Pa mita iliyonse ndimajambula chithunzi, kulemba manambala mu app ya kuntchito, kutumiza, kenako kutsegula mapu kuti ndione nyumba yotsatira. Mamita ambiri ali pansi m'timabokosi tamdima, ndiye tochi nayo imayakayaka. Sikirini ndimaiwalitsa mpaka pamapeto chifukwa padzuwa sindiona kanthu. Foni ndi iPhone 13, yatha zaka zitatu, pa Battery Health ikulemba 84%. Ikamati 1 koloko masana imakhala ili pa 20%.

Poyamba ndinkayenda ndi pawabanki ya chingwe m'kachikwama ka m'chiuno. Chingwecho chinandisowetsa mtendere. Tsiku lina ndikuwerama kuti nditsegule chivindikiro, chinakola pa kachitsulo ka geti, foni n'kuzuka m'manja mpaka m'bokosi la mita, mmene munali matope. Mwayi inapulumuka, koma ndinati basi, za zingwe ayi. Ndinagula ya maginito yongomata kumbuyo, yolembedwa 5,000 mAh (muyeso wa moto umene imasunga). Dzina lake sinditchula.

Tsopano taonani. Ndikaimata foni ili pa 20%, n'kumapitiriza ntchito, patha ola lathunthu yangofika pa 28 kapena 30. Zonse ziwiri zimatentha moti kugwira kwake umachita kusinthasintha manja. Kawiri konse foni yandilembera kuti yaimitsa kutchaja mpaka itazizira. Ndikaika m'thumba la thalauza, potulutsa ndimapeza pawabanki yapendekeka, mwina yagweratu payokha. Pofika 3 koloko yatha moto, foni osapitirira 55%.

Ndinawerenga kuti batire la foni yangayi ndi 3,227 mAh. Nanga 5,000 ilephera bwanji kudzaza 3,227? Kodi anandigulitsa yabodza? Kutenthaku sikundiphera batire? Ndigule ya 10,000 kapena ndingotaya ndalama kachiwiri? Kava yanga ndi yarabala, yokhuthala ndithu, ndinaigula foni itagwa tsiku lija.

Bambo a Tadala

Achemwali, pepani ndi mavutowa. Ine ndimakonza mafoni, ndipo dandaulo lanuli ndimalimva kawirikawiri. N'kutheka kuti pawabanki yanu si yabodza ayi. Ndiyambe ndi kava, chifukwa mwaitchula kumapeto ngati nkhani yaing'ono pomwe ndi pamene pagona theka la vuto.

Maginito aja satchaja foni. Ntchito yawo ndi kukoka basi. Chimene chimapereka moto ndi waya wopyapyala wokulungidwa mozungulira mkati mwa pawabanki, ndipo mufoni mulinso wina wotero pansi pa galasi lakumbuyo. Magetsi akamasinthasintha mwa woyambayo, wachiwiri amalandira popanda kukhudzana. Kuti zimenezi ziyende bwino, awiriwa ayenera kuyang'anizana ndendende komanso kuyandikana kwambiri. Apple itatulutsa MagSafe, njira yake yotchaja popanda chingwe yokhala ndi maginito, pa iPhone 12 mu 2020, cholinga cha mkombero wa maginito chinali chomwecho, kuti tchaja izigwera pamalo ake nthawi zonse, osati mwa mwayi. Inuyo mwaika rabala wokhuthala pakati. Maginito akukoka mofooka, n'chifukwa chake ikupendekeka m'thumba, ndipo mawaya awiri aja atalikirana. Mphamvu imene yalephera kuwoloka siisowa, imasanduka kutentha kumene mukumva m'manjako. Pezani kava yokhala ndi mkombero wa maginito mkati mwake. Mukafuna kutsimikiza kaye, vulani kavayo muli pakhomo, mumate pawabanki pafoni yopanda kanthu, muone kusiyana kwa kagwiridwe kake.

Za 5,000 ndi 3,227. Manambala a mAh amanyenga ngati sitiyang'ana mavoti. Njira yabwino ndi kuwerenga Wh (muyeso wa mphamvu yonse imene batire limasunga), imene imalembedwa timalemba ting'onoting'ono kumbuyo kwa pawabanki. Ya 5,000 mAh pa 3.7V ndi 18.5 Wh. Batire la iPhone 13 likakhala latsopano ndi pafupifupi 12.4 Wh. Papepala zikuoneka ngati mudzaza kamodzi n'kutsalako. Koma motowo uyenera kusinthidwa mkati mwa pawabanki, uwoloke kupita kufoni, usinthidwenso kuti ulowe m'batire, ndipo paliponse pamatayika kena. Kutchaja kopanda chingwe kumataya kwambiri kuposa kwa chingwe ngakhale zonse zitakhala bwino. Ndiye onjezerani apo kuti foni yanu siili chigonere patebulo. Kamera, GPS, data, tochi ndi sikirini yowala zikudya nthawi yomweyo. Zili ngati kutungira madzi m'ndowa imene wina akutungamo.

Chomaliza, onani pabokosi ngati pali chizindikiro cha Qi2, chosonyeza kuti tchajayo inavomerezedwa pa kutchaja kopanda chingwe kwa maginito. Zambiri zotchipa zimangolemba kuti "magnetic" ndi 15W (W ndi muyeso wa kuthamanga kwa kutchaja), koma zikakumana ndi iPhone zimapereka 7.5W yokha chifukwa sizinavomerezedwe. Qi2 inalengezedwa mu January 2023 ndi bungwe la Wireless Power Consortium, potengera MagSafe yomweyo, ndipo iPhone 13 inayamba kulandira 15W kudzera mu Qi2 kuyambira pa iOS 17.2. Ngati mukulandira 7.5W, foni n'kumadya gawo lalikulu la imeneyo, 8% pa ola sikundidabwitsa. Ngakhale ya Apple yeniyeni, MagSafe Battery Pack ya mu 2021 ija, inayamba ndi 5W, anadzaikweza kufika 7.5W, n'kusiya kuigulitsa mu 2023. Inali ya 11.13 Wh basi, yochepa kuposa yanuyo.

Chiphaliwali

Abambo afotokoza bwino, koma ine ndinena mosapsatira: bwererani ku chingwe. Vuto lanu silinali chingwe, linali kutalika kwake. Mumayenda ndi cha mita imodzi chikulendewera, chilekerenji kukola?

Yang'anani pansi pa pawabanki yanuyo, pali bowo la USB-C. Zambiri bowo limenelo limatulutsanso moto, ndipo ena amafika 20W. Gulani kachingwe kakafupi ngati chala, USB-C mbali ina, Lightning (yolowa m'bowo la iPhone yanuyo) mbali inayo. Maginito azigwira pawabanki kumbuyo, moto uzidutsa m'kachingweko. Palibe cholendewera, kutentha kumachepa, ndipo 5,000 yomweyo ikupatsani zambiri. Ine ndimayenda panjinga yamoto tsiku lonse kuperekera katundu, ndimachita zimenezi. Nthawi yopuma masana, mphindi 30 pa 20W foni imakwera pafupifupi theka. Za maginito zokhazokhazi n'zokongola pa malonda basi.

Mayi Nasimelo

A Chiphaliwali, musazinyoze kwambiri, ena zikutithandiza. Ine ndimaperekeza alendo okaona malo, ndimakhala panja kuyambira m'mawa, ndipo foni ndiyo kamera yanga, mapu anga, ndiponso pamene ndimasunga matikiti a gulu lonse. Ya maginito ndakhala nayo zaka ziwiri.

Chimene ndinaphunzira n'chakuti simudikira kuti foni ifike pa 20% ngati mmene mukuchitira a Nangozo. Pamenepo mwachedwa, ndipo mukuimata 1 koloko, dzuwa lili paliwombo, foni itatentha kale ndi ntchito. Apple imanena kuti iPhone inapangidwa kuti izigwira ntchito pamalo otentha pakati pa 0 ndi 35°C. Foni yakuda ili padzuwa, kamera yotsegula, kumbuyo kwake mwamatako chinthu china chotentha, imapyola pamenepo msanga, ndiye imadziteteza pochepetsa kapena kuimitsa kutchaja. Uthenga umene mukuonawo si kuwonongeka, koma zikamachitika tsiku ndi tsiku batire limakalamba msanga, pakuti mabatire a lithium adani awo ndi kutentha.

Ine ndimaimata cha m'ma 9 kapena 10 koloko, kusanatenthe, foni ili pa 70 kapena 60. Sindifuna kuti ikwere, ndimangofuna isatsike. Ikafika masana ndimaichotsa, foni ili cha pa 70 pomwepo, ndipo ya mkatiyo ndi imene imandifikitsa madzulo. Ndikakhala pansi pamthunzi ndimaimatanso, sikirini yozimitsa, foni chafufumimba patebulo kuti mphepo iziomba. M'thumba ikutchaja ayi, mumakhala ngati mwaifunditsa bulangeti.

Za 10,000 ganizirani kaye dzanja lanu. Ndinagulapo, moto inali nawo, koma kulemera kwake ndi kukhuthala kwake pofika masana mkono umachita kuwawa, ndipo chifukwa cholemera imasunthika msanga ukamayenda. Inu mumajambula mutawerama, ndi dzanja limodzi, linalo litagwira chivindikiro. Ndikuona ikugwera m'matope momwe muja. Kuli bwino yaing'ono kumbuyo kwa foni, yaikulu ya chingwe m'chikwama yoti izidzaza yaing'onoyo ikatha.

Ndiwonjezere ziwiri zimene sizikukhudza funso lanu mwachindunji koma anthu amaziiwala. Makadi okhala ndi kamzere kakuda kumbuyo musawaike pakati pa foni ndi pawabanki. Ine khadi la chitseko cha kuhotela linandikana usiku gulu lonse likundiyang'ana, nditalisunga tsiku lonse mkati mwa kava. China n'chachikulu: bambo anga ali ndi pacemaker, kachipangizo kothandiza mtima kugunda bwino. Maginito amphamvu akayandikira angathe kusokoneza kagwiridwe kake. Apple imalangiza kuti foni ndi zipangizo za MagSafe zizikhala kutali ndi kachipangizoka masentimita oposa 15, ndipo oposa 30 pamene zikutchaja. Tsiku lina ndinawapeza ataika foni yanga, pawabanki ili chimatire, m'thumba la malaya la pachifuwa, akuti akundisungira. Mtima wanga ndi umene unatsala pang'ono kuima.

Kamdothi

Pepani kulowerera nkhani ya eni. Zimenezi zimagwira pa Android? Ndili ndi Samsung, ndinaona timikombero tachitsulo tomata kumbuyo.

Bambo a Tadala

A Kamdothi, funso loyamba ndi lakuti foni yanu imatchaja popanda chingwe kapena ayi. Ngati mulibe waya wolandira uja mkati, kamkombero kangokuthandizani kumata pawabanki, moto sulowa ngakhale pang'ono. Ma Samsung ambiri otsika mtengo alibe. Ngati imatchaja, kava ya maginito yopangidwira foni yanu yeniyeniyo ndi yabwino kuposa kamkombero komata nokha, chifukwa mukaphonya pakati ndi pang'ono pokha mwadzipangira vuto la a Nangozo lomweli. Galaxy S25 amaitchula kuti "Qi2 Ready", kutanthauza kuti maginito mulibe, mpaka mugule kava. Zokhala ndi maginito mkati ndi monga HMD Skyline ya mu 2024 ndi Pixel 10 ya mu 2025. Ngakhale ma iPhone si onse, 16e ilibe MagSafe.

A Nangozo, ndinaiwala chimodzi. 84% ija ikutanthauza kuti ndowa yanu yachepa kale. Ikatsika pansi pa 80%, foni yokha idzakuuzani kuti batire likufunika kusintha. Pa ntchito ngati yanuyi, batire latsopano lingakupatseni nthawi yambiri kuposa pawabanki yachiwiri. Ndipo mukadzaona pawabanki yatupa, kapena foni yayamba kukweza sikirini m'mbali, siyani kugwiritsa ntchito tsiku lomwelo.

Nangozo

Zikomo nonse, ndabwera kudzanena mmene zayendera sabata ino.

Lolemba ndinavula kava ndili pakhomo monga munanenera, Bambo a Tadala. Pawabanki inachita kudumphira yokha pafoni, kulira kuti tha! Chigulireni ndinali ndisanamvepo phokoso limenelo. Pabokosi Qi2 palibe, pangolembedwa "magnetic", ndiye ndi ya 7.5W ija. Kumbuyo ndinapeza 18.5 Wh, timalemba tofunika magalasi.

Ndagula kava ya mkombero, yopyapyala. Kuyambira Lachiwiri ndikumata 9 koloko monga Mayi Nasimelo, ndipo ndayatsa Low Power Mode, yochepetsa kudya moto ija, kuyambira m'mawa. Lachitatu ndinafika kunyumba ndi 31%, Lachinayi 24%, chifukwa kunali nyumba zambiri za mamita obisika ndipo tochi inagwira ntchito. Uthenga wa kutentha wabwera kamodzi kokha, Lachisanu, nditaiwala foni pamwamba pa khoma padzuwa ndikulimbana ndi chivindikiro chochita dzimbiri.

A Chiphaliwali, kachingwe kanu ndinagula, musadandaule. Kamathamangadi, nthawi yopuma kanandikweza kuchoka pa 40 kufika pa 78. Koma poyenda kamandibaya pachikhatho pomwe ndimagwirira, ndiye kamakhala m'chikwama mpaka masana. Chimene chikundidetsa nkhawa pano ndi kava yatsopanoyi, m'makona mwake ndi mopyapyala kwambiri, ndipo ine mafoni amandipulumuka. Alipo akudziwa ngati kuli kava ya maginito yokhala ndi makona olimba koma kumsana kopyapyala?